Kolala Yopopera ya Agalu: Imathandiza Liti, Nanga Imawononga Liti?

M'masitolo ogulitsa zinthu za ziweto ku Britain, ku America ndi ku South Africa muli kachipangizo kamene eni agalu ambiri amakathamangira galu akawasowetsa mtendere. Ndi kolala imene imapopera mpweya kapena mafuta afungo pansi pa chibwano cha galu, mwiniwake akadina batani ali chapatali. Oigulitsa amaitamanda kuti ndi njira yachifundo poti simenya galu ndi shoko ya magetsi. Akatswiri ambiri a khalidwe la ziweto amayankha kuti chilango chopepuka ndi chilango ndithu, ndipo chikagwera galu wamantha kapena chikabwera pa nthawi yolakwika, chimawononga zambiri kuposa zimene chakonza. Mayankho ali m'munsimu ndi a munthu amene akulingalira zogula kolalayi, kaya ndi ya kagalu kongobwera kumene pakhomo, kaya ya galu wamkulu amene wayamba kuvuta.

Kodi kolala yopopera ndi yotani, ndipo imagwira ntchito bwanji?

Ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi lamba wa m'khosi wokhala ndi kabokosi kakang'ono kutsogolo. M'kabokosimo muli batire, kachitini ka mpweya wopanikizidwa, ndi kabowo koloza m'mwamba, kuchibwano cha galu. Mbali yachiwiri ndi rimoti imene mwini galu amagwira m'manja. Mukadina batani, kabokosi kaja kamatulutsa mpweya kuti psii, kamphindi kochepa chabe. Galu amadzidzimuka ndi zinthu zitatu nthawi imodzi: phokosolo, kuzizira kwa mpweyawo pakhungu, komanso fungo ngati lilipo.

Mpweyawo ulipo wa mitundu iwiri, wopanda fungo ndi wa citronella. Citronella ndi mafuta ochokera ku udzu wa mtundu wa Cymbopogon, umene umalimidwa kwambiri ku Sri Lanka ndi ku Indonesia, pachibale ndi udzu wonunkhira mandimu uja anthu amathira mu tiyi. Ndi mafuta omwewa amene amaikidwa m'makandulo othamangitsa udzudzu. Makolala a makampani odziwika, monga PetSafe ya ku America ndi Dynavet ya ku France, amakhalanso ndi batani la kabelu kochenjeza, ndipo ena amanjenjemera pakhosi. Rimoti zina zimafika mtunda wosakwana mamita 100, zina mpaka mamita 300. Kachitini kamodzi kamatha mukapopera maulendo makumi angapo, ndipo pamafunika kudzazanso kapena kugula kena.

Ikusiyana bwanji ndi kolala yamagetsi, kapena ija imapopera yokha galu akauwa?

Yamagetsi ili ndi tizitsulo tiwiri tokhudza khungu la pakhosi, timene timatumiza shoko. Yopopera ilibe tizitsuloti ndipo sipereka shoko konse.

Ija imapopera yokha ili ndi kachipangizo komva mawu. Galu akangouwa, imapopera popanda munthu kudina kanthu. Vuto lake ndi lakuti siganiza. Sidziwa ngati galu akuuwa chifukwa chosungulumwa kapena chifukwa wakuba wakwera mpanda, ndipo ina imapopera ngakhale wauwa ndi galu wina amene ali pafupi. Ya rimoti imasiya chiganizo chonse m'manja mwa munthu. Ubwino wake ndi umenewo, kuopsa kwake ndi komweko, chifukwa chala cha munthu wokwiya chimafulumira, pamene cha munthu amene maganizo ali kwina chimachedwa.

Kodi imamupweteka galu?

Simuvulaza thupi ngati yavalidwa bwino, koma sizitanthauza kuti galu samva kanthu. Ikanakhala yosamusowetsa mtendere sikanamuletsa chilichonse. Mphamvu yake yonse yagona pa kumudzidzimutsa ndi kumunyansa.

Pa nkhani ya fungo m'pofunika kusamala kwambiri. Mphuno ya munthu ili ndi timaselo tomva fungo pafupifupi 6 miliyoni, pamene ya galu ili ndi toposa 200 miliyoni. Fungo limene inu mukulimva pang'ono, kwa galu ladzaza dziko lonse. Komanso citronella sachoka msanga. Amakakamira pa ubweya wa pachibwano ndi pachifuwa, kotero galu amapitiriza kumva fungo lomunyansalo ngakhale atasiya kale cholakwacho n'kubwerera kwa inu. Pamenepo chilango chikupitirira pa nthawi imene galu akuchita bwino. N'chifukwa chake amene asankha kugwiritsa ntchito kolalayi amachita bwino kutenga mpweya wopanda fungo, umene umangodzidzimutsa n'kutha pomwepo.

Nanga imamuphunzitsadi galu?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi, payokha siphunzitsa. Chimene imachita ndi kudula zimene galu akuchita kwa masekondi awiri kapena atatu. Galu amene amathamangira mbuzi amaima, n'kutembenuka, kudabwa kuti chachitika n'chiyani. Kampata kameneko ndiye katundu yense amene mwagula. Mukakagwiritsa ntchito, mukamuitana galuyo, iye n'kubwera, inu n'kumupatsa mphotho, waphunzira kanthu. Mukangoima n'kumamuyang'ana, abwerera ku mbuzi zija.

Galu amabwereza khalidwe limene lamupindulira. Akagwetsa bini n'kupezamo fupa, mawa agwetsanso. Akabwera mutamuitana n'kulandira kachidutswa ka nyama, mawa abweranso. Mpweya wa pachibwano umangomuuza kuti chimene akuchitacho chili ndi chowawa. Sumuuza chimene inu mukufuna kuti achite m'malo mwake. Galu amene sanaphunzitsidwe mawu oti "bwera" ndi "siya" alibe kolowera akapoperedwa, amangosokonezeka. Choncho maphunziro enieni amachitika kolala isanavalidwe, ndipo nthawi zambiri maphunzirowo akatheka bwino, kolala sifunikanso.

Ofufuza anapeza zotani?

Mu 1996, Soraya Juarbe-Diaz ndi Katherine Houpt a ku yunivesite ya Cornell ku America anayerekeza kolala ya citronella ndi yamagetsi pa agalu 9 ouwa mopitiriza muyeso. Agalu 8 anachepetsa kuuwa atavala ya citronella, pamene ndi yamagetsi anachepetsa 4 okha. Kafukufukuyu amatchulidwa kawirikawiri ndi ogulitsa, koma agalu ake anali ochepa, ndipo makolala ake anali aja opopera okha, osati a rimoti.

Mu 2001, Deborah Wells wa ku Queen's University Belfast anayesa kolala ya citronella pa agalu 30 kwa milungu 3. Kuuwa kunachepa poyamba, koma kenako kunayamba kubwerera, makamaka mwa agalu amene ankavala kolalayo tsiku lililonse. Anaizolowera. Mu 2003, Wells yemweyo anayerekeza njira ziwiri pa agalu 28 odya ndowe zawo zomwe, ndipo kolala yopopera inathandiza kuposa njira yowadzidzimutsa ndi phokoso.

Mbali ina ya nkhaniyi inachokera ku Porto, ku Portugal, mu 2020. Ana Catarina Vieira de Castro ndi anzake anaunika agalu 92 a m'masukulu ophunzitsa agalu. Agalu ophunzitsidwa ndi zilango ankaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa, ndipo m'malovu mwawo munkapezeka cortisol wochuluka, yemwe thupi limatulutsa likapanikizika. Mu 2021, bungwe la madokotala a khalidwe la ziweto ku America, la AVSAB, linalengeza kuti agalu aziphunzitsidwa ndi njira za mphotho basi. Tikaphatikiza zonsezi, kolala yopopera imatha kuletsa khalidwe lina kwa kanthawi, koma galu amaizolowera, ndipo njira yolanga ili ndi mtengo wake pa mtima wa galu.

Ndili ndi kagalu ka miyezi itatu kovuta zedi. Ndingakaveke kolalayi?

Ayi. Ngakhale makampani opanga makolalawa amalemba m'malangizo awo kuti galu akhale atakwana miyezi 6, ndipo PetSafe imawonjeza kuti akhale wolemera makilogalamu 3.6 kapena kuposa. Koma chifukwa chachikulu sichili pa kulemera kwa kabokosi.

John Paul Scott ndi John Fuller anakhala zaka zambiri akufufuza kakulidwe ka agalu ku Jackson Laboratory, m'tauni ya Bar Harbor ku Maine, ndipo zotsatira zake anazitulutsa mu 1965. Anaonetsa kuti kuyambira milungu 3 mpaka pafupifupi milungu 12, kagalu kamakhala kakuphunzira kuti chinthu chabwino ndi chiti, choopsa ndi chiti. Zimene kakumana nazo pa nthawiyi zimakhazikika moyo wake wonse. Kagalu kamene kazolowera ana, alendo, njinga, nkhuku ndi phokoso la galimoto mwamtendere kamakula kodekha. Kamene kadzidzimutsidwa koopsa pa nthawiyi kamakula ndi mantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma. M'mera mpoyamba.

Taganizirani kagalu kamene kathamangira mwana wa mnansi wanu, mchira uli pukupuku, kakufuna kusewera. Inu mwadina batani kuti kasamudumphire. Kagaluko sikadziwa za rimoti ili m'manja mwanu. Chimene kakuona pa nthawi imene mpweya wakawomba ndi nkhope ya mwanayo. Zikachitika kawiri katatu, phunziro limene katola ndi lakuti ana amabweretsa zoopsa. Mwaletsa kudumpha, koma mwabzala mbewu ya vuto lalikulu kuposa kudumphako.

Ndiye kagalu koluma manja, kotafuna nsapato ndi kokodza m'nyumba ndikatani?

Zonsezi ndi za msinkhu, ndipo chilichonse chili ndi njira yake yosafuna chipangizo.

Kagalu kamakhala ndi mano a ubwana 28, amene amayamba kuguluka kakamakwana miyezi 4, mpaka mano 42 a ukulu atakwanira cha pa miyezi 6 kapena 7. Pa nthawiyi nkhama zimayabwa ndipo kutafuna ndi kosapeweka. Chotsani nsapato ndi mawaya pamene kangafike, ndipo kapatseni chake chotafuna, monga chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena chidole cha labala. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, musakapatse, chifukwa amasweka n'kubaya m'mimba.

Kakakulumani dzanja posewera, imitsani masewerawo pomwepo. Imirirani, pindani manja, tembenukani kwa masekondi ochepa, kenako kapatseni chidole. Kamaphunzira kuti mano akakhudza khungu la munthu, chisangalalo chimatha. Ana a pakhomo nawo auzidwe kuti asamathawe akukuwa, chifukwa kwa kagalu kumeneko ndi kukaitanira masewera.

Za kukodza, katulutseni kakangodzuka, kakangodya ndi kakangomaliza kusewera. Kakadzithandiza panja, kayamikireni pomwepo ndi mawu okoma ndi kachakudya. Kakaphonya m'nyumba, pukutani mwakachetechete. Kukalanga pambuyo pake kumangokaphunzitsa kubisala kuseri kwa mpando kakafuna kudzithandiza.

Pa galu wamkulu, ndi makhalidwe ati amene kolalayi ingathandizepo?

Ndi ochepa, ndipo onse amafanana pa chinthu chimodzi: galu amawachita chifukwa akumusangalatsa, osati chifukwa cha mantha, ndipo amawachita ali patali pamene dzanja lanu silingafike. Zitsanzo zake ndi kudya ndowe kapena zowola paulendo, kufukula kudzala, kuba chakudya patebulo, ndi kuyamba kulondola ziweto.

Ngakhale pamenepa, yambani mwadzifunsa ngati vutolo silingathe pongosintha zinthu pakhomo. Bini yotsekeka bwino imathetsa nkhani ya kugwetsa bini. Kuchotsa ndowe pabwalo m'mawa uliwonse kumathetsa theka la vuto la kudya ndowe. Galu amene amadya mokwanira, amayenda tsiku ndi tsiku ndipo samangidwa pa unyolo usana wonse amasiya yekha makhalidwe ambiri amene eni ake amawayesa mwano. Pa galu amene kuthamangitsa nyama kuli m'magazi, dziwani kuti akafika pa liwiro lenileni, mpweya wa pachibwano saumva n'komwe. Chomuteteza iye ndi ziweto za anthu ndi chingwe ndi mpanda.

Ndi agalu ati amene sayenera kuvala kolalayi ngakhale pang'ono?

Woyamba ndi galu wamantha: wonjenjemera kukagunda mabingu, wobisala kukabwera alendo, wolira ndi kukanda chitseko akasiyidwa yekha. Kumudzidzimutsa kumawonjezera mantha amene akuyambitsa vutolo.

Wachiwiri ndi galu waukali. Galu akamadzuma ndi kuonetsa mano, akukuchenjezani kuti wafika pamapeto. Mukamupopera chifukwa chodzuma, amatha kusiya kudzumako, koma chimene chimamuvuta mumtima chikadalipo. Mwatsala ndi galu woluma osachenjeza, amene ndi woopsa kwambiri pakhomo pamene pali ana. Pa ndewu ya agalu awiri, kupopera kungachititse galu kuganiza kuti mnzakeyo ndiye wamupweteka, ndewu n'kukula.

Enanso ndi agalu odwala maso, khungu kapena chifuwa, agalu a mphuno zazifupi monga Pug ndi Bulldog amene amapuma movutikira kale, agalu okalamba amene ayamba kusokonezeka, ndi agalu apakati kapena oyamwitsa. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi apite kwa dokotala wa ziweto musanaganize za maphunziro alionse. Dzino lowawa, khutu lotupa kapena msana wopweteka zimasandutsa galu wofatsa kukhala wolusa. Kumadera kwathu, kumene chiwewe chikadalipo, kusintha kotereku mwa galu wosabayitsa katemera ndi nkhani yofunika kuthamanga nayo tsiku lomwelo.

Pomaliza, ngati galu wanu mumamudalira kuti aziuwa usiku akamva mapazi achilendo, musamulange chifukwa chouwa. Muphunzitseni mawu oti "basi" kuti azisiya mukamuuza, koma ntchito yake yochenjeza ikhalepo.

Ngati ndaganiza ndithu zoigwiritsa ntchito, ndiyambire pati?

Yambani ndi maphunziro opanda kolala. Pezani chingwe chachitali cha mamita 10 ndi tizidutswa ta chakudya chimene galu wanu amachikonda koposa, monga chiwindi chowiritsa chodulidwa ting'onoting'ono. Pamalo abata, tchulani dzina lake ndi mawu oti "bwera", kamodzi kokha, mwansangala. Akafika, mpatseni mphotho nthawi yomweyo. Chitani izi kwa mphindi 5 kapena 10, kawiri pa tsiku, kenako muzisamukira kumalo kumene kuli zokopa zambiri. Musamuitane kuti mumukalipire, ndipo musamamuitane pokhapokha pomutsekera, chifukwa adzadziwa kuti "bwera" ndi mapeto a ufulu wake. Mawu oti "siya" aphunzitseni chimodzimodzi: fumbatani chakudya m'dzanja, dikirani asiye kunyambita, akangochotsa mphuno mpatseni china chochokera m'dzanja linalo.

Chachiwiri, muvekeni kolalayo ili yozimitsa kwa masiku angapo, pa nthawi ya chakudya ndi ya masewera. Mukapanda kutero, galu amazindikira msanga kuti mpweya umabwera pokhapokha kabokosi kakakhala pakhosi, ndipo amamvera akavala, n'kubwerera ku zakale mukamuvula.

Chachitatu, ivekeni bwino. Kabokosi kakhale kutsogolo kwa khosi, kabowo kataloza kuchibwano. Lamba asathine ndiponso asakhwepe: zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi khosi. Ngati galu ali ndi ubweya wautali, dulani pang'ono pamene mpweya ukudutsa. Chingwe musachimange pa kolala yopopera, chikhale pa kolala ina kapena pa lamba wa pachifuwa. Opanga amachenjeza kuti isakhale pakhosi maola oposa 12 pa tsiku, ndipo muziona khungu tsiku lililonse ngati layamba kufiira kapena kunyuka.

Chachinayi, sankhani khalidwe limodzi lokha loti mulimbane nalo, ndipo rimoti ikhale ndi munthu wamkulu mmodzi. Isafike m'manja mwa ana.

Batani ndidine nthawi iti yeniyeni?

Nthawi ndiye mwini nkhani. Galu amalumikiza chilango kapena mphotho ndi chimene akuchita pa sekondi imeneyo kapena yotsatira. Mukachedwa masekondi asanu, mwalanga chinthu china.

Tiyerekeze kuti galu wanu amathamangitsa nkhuku. Muli naye pabwalo, chingwe chachitali chili m'dzanja lamanzere, rimoti m'dzanja lamanja. Thadzi likudutsa ndi anapiye ake cha kumpanda. Muyang'aneni galuyo, osati nkhukuzo. Muona mutu ukutsika, makutu akuloza kutsogolo, pakamwa pakutsekeka, thupi lonse likuuma, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba. Apa ndi pamene akuganiza, sanayambe kuthamanga. Nenani "siya". Akatembenuka, nkhani yatha bwino: muitaneni, mpatseni chiwindi, muyamikireni ndi mtima wonse. Akapanda kutembenuka, lizani kabelu kochenjeza. Akangoponya phazi loyamba kulunjika nkhuku zija, poperani kamodzi, mwachidule, muli chete. Akangodzidzimuka n'kucheuka, muitaneni ndi mawu okoma, ndipo akafika alandire mphotho yonse ngati kuti sanalakwe. Chimene mukulipira ndi kubwerako.

Dongosolo lake lisasinthe: mawu, kabelu, kenako mpweya. Galu wochenjera amaphunzira kuti kabelu ndi chenjezo, ndipo posakhalitsa kabeluko kapena mawu okha amakwanira. Zimene simuyenera kuchita ndi kupopera galu ali kale pakati pa nkhuku nthenga zili mbwee, kupopera pamene wayamba kubwerera kwa inu, kapena kupopera mobwerezabwereza chifukwa mtima wakwera.

Poyamba inkagwira ntchito, tsopano galu sakuilabadira. Chachitika n'chiyani?

Wazolowera. Anthu okhala pafupi ndi chigayo amafika posamvanso phokoso lake, ndipo galu naye amatero ndi mpweya umene wamuwomba kambirimbiri popanda choopsa chotsatira. Ndi zomwe zija Wells anaona ku Belfast. Agalu ena amaphunziranso kupotoza khosi kuti mpweya udutse pambali, ndipo ovala ija yopopera yokha amatha kuuwa mpaka kachitini kutha, kenako n'kupitiriza mwaufulu.

Izi zikachitika, musasakesake chilango champhamvu kuposa pamenepo. Njira imeneyo imakwera masitepe mpaka kufika pa shoko ndi ndodo. Kuzolowerako kukukuuzani kuti galu sanaphunzire chochita m'malo mwa khalidwe loipalo, kapena kuti chimene chikumukopa n'chokoma kuposa mphotho yanu. Bwererani ku chingwe chachitali, talikirani pang'ono chinthu chomukopacho, ndipo mphotho ikhale yabwino koposa.

Ndingadziwe bwanji kuti kolalayi ikumuwononga galu wanga?

Thupi lake limanena. Galu amene wangodzidzimuka amagwedeza mutu, n'kukuyang'anani, n'kubwera mchira ukugwedezeka, ndipo amalandira chakudya. Galu amene wachita mantha amapanira mchira pakati pa miyendo, amagonetsa makutu kumbuyo, amanyambita milomo, amayasamula pamene alibe tulo, amapuma mwawefuwefu kusakutentha, ndipo amakana ngakhale chiwindi chimene amachikonda. Ena amathawa akaona kolala m'manja mwanu, ena amakana kupita pamalo pamene anapoperedwa, ena amangoti zii, osasewera, osanunkhiza kanthu. Galu wotereyu anthu amamuyesa womvera, pamene zoona zake n'zakuti wataya mtima ndipo akuopa kuyesa chilichonse. Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, vulani kolalayo ndipo musaibwezerenso.

Kodi malamulo amaloleza makolalawa?

Zimasiyana dziko ndi dziko. Wales inaletsa makolala amagetsi mu 2010, koma lamulolo silikhudza opopera. Ku England, boma linakonza lamulo loletsa makolala amagetsi a rimoti mu 2023, loti liyambe pa 1 February 2024, koma tsikulo linadutsa lisanavomerezedwe. Boma la Scotland linatulutsa malangizo mu 2018 otsutsa zipangizo zophunzitsira agalu mowazunza, ndipo linatchulamo zopopera mafuta monga citronella. Ku Austria ndi ku Switzerland malamulo oteteza nyama amaletsa zipangizo zophunzitsira agalu zogwiritsa ntchito magetsi kapena mankhwala. Ku Australia, bungwe la RSPCA limatsutsa makolala a citronella poyera. Amene mukukhala kunja kapena mukusamuka ndi galu, funsani dokotala wa ziweto wa m'dera lanu musanagule.

Nanga kwa ife a ku Malawi kapena ku Zambia, n'koyenera kuitanitsa kolalayi kuchokera kunja?

Kwa eni agalu ambiri, ayi. Kolalayi imadalira tizitini ta mpweya timene timatha, ndipo zinthu zopanikizidwa ndi mpweya zili ndi malamulo okhwima potumiza pa ndege. Kachitini kakatha popanda kena, mwatsala ndi lamba wamba wokwera mtengo.

Ndalama imeneyo ingagwire ntchito yaikulu kwina. Bayitsani galu katemera wa chiwewe ndi wa matenda ena. Mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amathandiza pa za umoyo wa agalu, ndipo Mission Rabies yakhala ikubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015. Tsekani mabowo a mpanda, gulani chingwe chachitali, ndipo patulani mphindi 10 m'mawa ndi zina 10 madzulo zophunzitsa galu wanu "bwera", "khala" ndi "siya". Galu wa zaka zisanu amaphunzira mawu amenewa bwinobwino ngati mmene amaphunzirira kagalu, kungoti amafuna kubwereza kochulukirapo kuti aiwale zakale.

Amene muli nayo kale kolalayi ndipo galu wanu ndi wamkulu, wathanzi ndi wopanda mantha, dziikireni malire. Ngati ikuthandiza, kudina batani kuzichepa mlungu ndi mlungu mpaka mawu anu okha akwanire. Ngati pakutha milungu iwiri mukupoperabe tsiku lililonse, galuyo sakuphunzira kanthu. Ivuleni, mubwerere ku chingwe ndi mphotho, ndipo vuto likakhala la ukali kapena mantha, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kapena kwa mphunzitsi wa agalu amene saphunzitsa ndi zilango.